Ndaona Chimene Chinapha Ng'ombe Yathu

Lachitatu, mwezi wa Febuluwale. Mvula yavumba tsiku lonse, ndipo mtima wanga sukukhazikika.

M'mawa tinapita ku Masambanjati ndi adokotala a ziweto amene akundiphunzitsa ntchito. Ng'ombe ya mkaka ya mayi Namakhwa yasiya kudya, ndipo yatupa mwanabere kunsi kwa khutu. Adokotala atanena kuti ndi matenda obwera ndi nkhupakupa, mayiwo anati, "Adokotala, chibwerereni ng'ombeyi sinatulukepo m'khola. Nkhupakupa ingazitenge kuti?" Adokotala anangopinda khutu lake n'kuwaonetsa. Zinali mbwee. Zimabwera ndi udzu umene mayiwo amamweta m'malire a esiteti ya tiyi, momwe mumadya ng'ombe za anthu ena.

Titabwerera ku ofesi anandiuza kuti ndione ndekha pa maikulosikopu madzi amene tinatenga pachotupacho. Ndinaona timadontho tambirimbiri, tochepa kuposa fumbi. Tinthu tosaoneka ndi maso, koma tikugwetsa chinyama choti amuna anayi sangachinyamule.

"Ndi timeneti basi?" ndinafunsa.

"Ndi timeneto, mwana wanga. Poti ng'ombeyo taibaya jakisoni msanga, mwina ipulumuka."

Ng'ombe yathu ya kumudzi inafa chonchi ndili Sitandade 7: mwanabere, kubanika, thovu m'mphuno. Nayonso sinkatuluka m'khola, ndiye bambo anati anailodza ndi a Mulomba, oyandikana nawo nyumba. Mpaka lero sapatsana moni, ngakhale kutchalitchi.

Udzu wake ndinkamweta ndine.

Loweruka ndikupita kumudzi. Bambo ndikawauza, koma sindikudziwa kuti ndikayambira pati.