Lero Wofuula Pamsika Ndine

Mayi a ana,

Ndakusiyani muli mtulo. Ndapita kumsika kukatsegula benchi lanu la tomato, musadzuke kundilondola.

Dzulo ndinachita zauchitsiru. Munali mutangochoka kuchipatala, adokotala atakupopani madzi m'chotupa cha chithokomirocho n'kubayamo jakisoni uja wa mankhwala a spiriti kuti chiume. Mawu anu atasasa, ine ndiye kumakutsanzirani pamaso pa alamu anu, n'kumati mukulira ngati bakha. Iwo anaseka, ine ndinaseka koposa. Inu munangotenga kapu yanu n'kukalowa kuchipinda. Nditakumvani mukuyesa kuitana mwana, mawu osatuluka, ndinasowa poika nkhope. Zaka zonsezi ndi mawu omwewo akhala akuitana makasitomala kuti tidye m'nyumba muno. Pepani, mayi.

Adokotala paja anati kusasako kumachitika ndipo kawirikawiri kumatha, bola musalikakamize khosi. Ndiye lero musayankhe aliyense, ngakhale ineyo. Madzi ofunda ali m'fulasiki, mankhwala a ululu ali pamwamba pa kabati. Pakhosipo pakatupa kwambiri kapena mukamabanika, menyani khoma. Mayi a khomo loyandikana nafeli ndawauza kale, akuperekezani kuchipatala.

Kuntchito ndapempha tsiku. Epuloni yanu ya maluwa ija ndayiyesa, zingwe sizikukumana n'komwe kumbuyoku, koma ndikavala choncho. Kuitana anthu sindikudziwa, ndipo mukudziwa mmene mawu anga amathyokera ndikakweza. Amayi anzanu a pamzere paja aseka mpaka misozi. Asiyeni aseke, nane ndimve mmene zimawawira.

Bambo a ana