Ndinati Pampu Ikulira Bwino

Lolemba, 3 Malichi

Galimoto ya mwana wanga Nesi yafika pa galaja chokokedwa. Kachitatu chiyambire chaka. Ikatentha n'kukumana ndi chitunda imatsokomola ngati ine m'mawa, kenako zii. Ndamuuza kuti yatengera agogo ake. Sanaseke. Yunifolomu yoyera, matope mpaka m'maondo.

Profesa, wamagetsi wathu, watulutsa kamakina kake kofunsira matenda. Chingwe chalowa bwinobwino pa soketi pansi pa chiwongolero. Kuthwanima, kuthwanima, basi. Akuti galimotoyi anaipangira msika wa kwawo komweko, sinali yoti iwoloke nyanja, ndiye kompyuta yake ili ndi chilankhulo chake. Kamakina kathu kanaphunzira za msika wina. Pakamwa pofanana, malilime osiyana. Ndati ndiwo ukwati wanga ndi malemu mayi ake umenewo, zaka 38 osamvana koma ana ankabadwa. Onse gwa ndi phwete. Zimenezo ndiye ndimatha.

Chimutu, mwini galaja, amene ndinamuphunzitsa ndine kugwira sipanala: "Madala, makina agonja. Mawa khutu lanu."

Khutu langa. Ha.

Lachiwiri, 4 Malichi

Ndilembe muno poti pepala lilibe pakamwa. Khutu lakumanzere linatseka chaka chatha. Lakumanja likulondola linzake, muli kamluzu tsiku lonse. Palibe akudziwa. Munthu akamalankhula ndimayang'ana milomo. Zikandipita ndimaponya nthabwala, iye n'kuseka, n'kuiwala funso lake. Pa galaja sindinyamulanso giyabokosi, kamakina sindiwerenga, Sitandade 5 yanga ndi tizilembo tonga nyerere tija sizigwirizana. Amandisungira khutu basi. Likapita, nane ndapita.

Lero mwambo uja. Kutsegula chotsekera thanki, khutu pakamwa pake, wina apotoze kiyi osaliza injini. Pampu ya mafuta imang'ung'udza kamphindi. Yamphamvu imalira mokhuta. Yotopa imalira moonda ngati udzudzu. Zaka 40 ndikuzisiyanitsa, anthu kuchita kuchokera kutali.

Ndagwada. Galaja yonse yandizungulira, Nesi pambali panga. Profesa wapotoza kiyi, ndinaona chigongono chake chikutembenuka. Kwa ine chete wa kumanda. Ndati abwereze, ndikufuna nyimbo yonse. Kawiri. Katatu. Olo kanthu.

Ndadzuka, ndasasa maondo. Pakamwa panga panayankha pokha: "Pampu ikulira bwino ngati kwaya. Vuto ndi mapulagi."

Profesa anati tiikebe geji pa paipi tione mphamvu ya mafuta, ntchito ya mphindi 20. Ndamuuza geji akapimire BP ya apongozi ake. Kuseka konse. Geji yabwerera m'kabati.

Mapulagi anali otha ndithu. Mwina ndalasa mwamwayi. Mulungu amakonda zitsiru, amatero.

Lachinayi, 6 Malichi

Mapulagi atsopano. Galimoto ndaizungulitsa pabwalo, posalala, injini yozizira. Kuyenda ngati mkwatibwi. Kuchitunda sindinapite nayo, ndinati mafuta achepa. Analimo theka.

Nesi wabwera kudzaitenga, m'manja chipewa chatsopano cha ine. "Ndawauza anzanga kuntchito kuti bambo anga ndi kompyuta ya miyendo iwiri." Atalowa ndinagogoda galasi. Watsitsa. Mawu anafika pakhosi penipeni. Chimene chinatuluka: asathamange, amuna abwino amayenda wapansi, angawapitirire.

Chipewa chikundithina. Kapena ndi mutu.

Lamlungu, 9 Malichi

Nesi sanaimbe. Ndiye kuti ikuyenda. Foni ndimaisunga m'thumba la pachifuwa kuti ikanjenjemera ndidziwe. Lero ndaitulutsa kakhumi, palibe waimba.

Mawa ndimuuza Profesa aike geji ija. Ndinena kuti ndalota.

Lachitatu, 12 Malichi

Sindinamuuze.

Chitunda chachitali cha njira ya kuchipatala. Galimoto yazimira pakati, buleki yauma, yabwerera chambuyo mpaka m'ngalande. Dzanja lamanja la Nesi lathyoka pawiri. Lobayira jakisoni lija.

Ndamupeza pa bedi m'wodi yake yomwe, anzake akumuyang'anira. Milomo youma. Ndati wafuna alawe yekha mankhwala amene amapatsa anthu. Wamwetulira kuti andisangalatse. Wandigwira ndi lamanzere. "Musadandaule Bambo, si inu. Ndi kompyuta yachilendo ija. Inu munamva bwino."

Fisi akagwa m'mbuna salankhula.

Masabata asanu ndi atatu osagwira ntchito, mwina kuposa. Dokotala akuti zala tiona.

Lachisanu, 14 Malichi

Galimoto yabwera pa galaja, matako ophwanyika. Chimutu wabwereka kamakina kena kwa mnzake, kodziwa chilankhulo cha galimoto za msika umenewo. Kungolumikiza, kalankhula: injini ikulandira mafuta ochepa. Kamakina kopanda ulemu, kopanda nthabwala.

Profesa watenga geji osandiyang'ana. Akuti pa galimotoyi singano iyenera kuima pa 3. Yafika pa 2. Injini itatentha yatsika mpaka 1, kunjenjemera ngati dzanja la chidakwa. Apotozanso kiyi chotsekera thanki chili chotsegula. Onse akwinya nkhope nthawi imodzi. Akuti ikulira ngati kamwana ka mphaka, mpaka mayi wogulitsa nthochi pageti anacheuka. Ine ndili mapazi atatu okha kuchokera pa thanki. Kamluzu kanga kokha.

Ndiye ndanena. Pamaso pa onse, chipewa m'manja. Kuti ine ndine gonthi, tsiku lija sindinamve kanthu.

Aseka mpaka Profesa wakhala pa tayala akupukuta misozi. "Madala inu simudzatha! Pampu imafa tsiku lililonse, zimachitika." Ndabwereza. Aseka kuposa poyamba. Zaka 40 ndikugulitsa bodza, lero ndabwera ndi choona chasowa wogula.

Chimutu yekha anasiya kuseka msanga. Mutu waukulu uja si wachabe.

Lolemba, 17 Malichi

Ndimatsuka mabawuti m'beseni la palafini. Ndangoona nsapato za Chimutu kutsogolo kwanga. Nkhope ngati wameza mwala. Akuti anaima kumbuyo kwanga n'kundiitana kasanu. Komaliza anagwetsa sipanala ya 19 pa simenti. Galu wa pa galaja anathawa. Ine ndikutsukabe.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Analankhula pang'onopang'ono, kuyasamula kwambiri ngati akudyetsa khanda. "Kapumuleni kaye, Madala."

Kaye. Ndinamuphunzitsa ndine mawu amenewo, ouzira kasitomala amene galimoto yake sidzadzukanso.

Ovolosi ndaipachika pa msomali. Ndawauza aziipatsa chakudya kawiri pa tsiku, sinazolowere kukhala yopanda munthu. Palibe waseka. Kapena aseka nditatembenuka, ndingadziwe bwanji.

Pageti Chimutu wandipeza. "Za Nesi mukanene nokha. Likafika Loweruka ndinena ndine."

Lachitatu, 19 Malichi

Ndadzuka, ndavala, ndafika pa chitseko. Kupita kuti? Ndakonza loko wosaonongeka. Tsopano waonongeka.

Ndayeserera pa galasi. Mwana wanga, ndinakunamiza. Ndikafika pa "ndina" nkhope ya m'galasi imayamba kuchita zibwana. Nkhalamba yopusa. Pa maliro a mayi ake ndinaseketsa anthu kumanda, ena anandiyamika.

Lachisanu, 21 Malichi

Ndapita kwa Nesi masana. Anamutulutsa m'chipatala dzana. Ndamupeza kukhitchini akulimbana ndi botolo la mankhwala, lili pakati pa maondo, akupotoza ndi lamanzere. Ndamutsegulira. Zala zotuluka m'pulasitala zotupa, zakuda ngati masoseji opserera. Nthabwala imeneyo sindinanene. Ndaimeza. Yoyamba m'moyo wanga.

Ndanena zonse nditaimirira. Makutu, thanki, geji, mafuta amene analimo theka. Iye sanaseke. Ndi mwana wa mayi ake, amandidziwa pamene ndikunama ndi pamene ndasowa bodza.

Kenako watembenukira ku zenera, wandipatsa msana, wayamba kulankhula. Ndinadziwira mapewa ndi khosi. Walankhula, walankhula, waima, wapukuta kumaso ndi lamanzere, walankhulanso. Mphindi zisanu kapena khumi. Milomo sindikuiona. Kaya amandikhululukira. Kaya amandiuza ndisadzapondenso pakhomo pake. Kaya anaiwala kuti sindimva, kaya anachitira dala.

Watembenuka, maso ofiira. Milomo ndinaiwerenga bwinobwino.

"Mwamva, Bambo?"

Ndinati eya.