Kamushafuti Yolusa

Lolemba, 4 Malichi
Injini ya galimoto yanga ya Chevelle yabwerako kwa Hoyt, mmisiri wanga. Chimphona chija, 454, chikuwala ngati mbale yatsopano. Yatsala kamushafuti basi, yotsekula ndi kutseka mavavu. Ulendo uno yamakono ya marola, yoyendera timawilo, yachikale ija inadyeka chaka chatha. Hoyt wandionetsa ziwiri. Yofatsa: m'tauni bwinobwino, mabuleki ofewa, ndipo ndi magiya angawa ndiyo ingathamange kwambiri pa mpikisano wa kota mailo. Yolusa: phokoso ndi kugwedeza, koma yaikulira galimoto yanga. Akuti, "Imeneyo ndi ya anthu ofuna kuopseza agalu pamalo omwetsera mafuta." Yofatsa ndiye. Chaka chino Dewey Stroud, amene ndimapikisana naye, aona nsana wanga. Wandiseka mokwanira.

Lachinayi, 7 Malichi
Chipale chofewa panja. M'garaja mofunda. Khofi, wailesi, masipanala. Ndingafunenso chiyani? Mkazi wanga Marlys wabweretsa payi wa maapulo, ati ndikadzafa adzatiika dzenje limodzi ndi galimotoyi, asavutike kawiri. Mkazi ameneyu.

Lamulungu, 10 Malichi
Kwa achimwene Orville, kunyumba ya okalamba. Makutu anathera m'fakitale ya zitsulo, mwendo unapita ndi sitiroko. Ndiwo anandiphunzitsa kugwira sipanala. Ndawaonetsa chithunzi cha injini, angochiyang'ana ngati cha mlendo. Koma makina ochapira atayamba kupota kuseri kwa khoma, aika dzanja pakhomapo kumva kunjenjemerako, atsinzina, akumwetulira. Sindinawaone akumwetulira chichokereni kuchipatala. Zandiwawa.

Lachiwiri, 12 Malichi
Ndaitanitsa yolusa. Hoyt pafoni: "Wakalamba ndi mutu womwe, Lyman." Sindinamufotokozere. Marlys wangondisisita paphewa n'kupita kukaanika zovala.

Loweruka, 6 Epulo
Yalira! Mazenera a kukhitchini kunjenjemera, galu wa aneba kukabisala. Pamaloboti imatsokomola ngati izima. Buleki inalimba ngati njerwa, ndaika pampu yothandizira. Petulo ikumwa ngati chidakwa cha paukwati. Koma mtima wanga mbee.

Loweruka, 27 Epulo
Mpikisano. Dewey wandisiya ponyamuka pomwe. Injini ikudzuka mochedwa, monga ananenera Hoyt. Titatha wabwera ndi soseji m'manja, mafuta pachibwano: "Ulendo wina ubwere ndi chingwe ndidzakukoke, agogo." Ndaseka nawo anthu, koma zalowa. Chaka chinanso chomumva m'makutu. Pobwerera tinaima pogula ayisikirimu, Marlys anandigulira wamkulu.

Lamulungu, 28 Epulo
Ndapita nayo galimoto kwa achimwene. Anamwino awiri kuwakweza, mwendo kuchita kuwanyamulira. Ndaliza injini. Mpando kugwedezeka, chitseko, mano omwe. Aika chikhatho padashibodi, maso otsinzina, nthawi yaitali ndithu. Kenako akweza mawu monga amachitira osamva: "Kamushafuti iyi yakula, chitsiru iwe. Uziluza nayo. Ndinakuphunzitsa chiyani?"

Sanalankhulepo mawu ochuluka chonchi chaka chonse. Ndinafuna kuzimitsa kuti ndiwalembere yankho pakapepala. Dzanja lisanafike pakiyi, andigwira mkono, ndi mphamvu zawo zakale zija.

"Usazimitse."