Bambo Apeza Ntchito Yoseka

14 Alma Terrace,
Keighley,
18 Novembala 1958

Wokondedwa mlongo wanga Clifford,

Landira moni wochokera kuno kwanu. Uli bwanji ku Winnipeg, pamodzi ndi alamu anga a Noreen ndi mwana? Chifuwa chako chija chinatha? Ife tilipo. Kwazizira, ndipo utsi wa m'mafakitale sukuchoka pamadenga.

Telegalamu yako inafika. Usadziimbe mlandu kuti sunabwere, ulendo wa panyanja sukanakufikitsa pa nthawi yake. Bambo tinawaika Lachisanu. Anthu anadya, anamwa tiyi, anapita. Ine sindinalire. Mayi Ackroyd a nyumba yoyandikana nafe anandiuza kuti ndine wolimba mtima, ine ndinangoyang'ana makapu oti nditsuke. Mpaka lero ndili ngati mwendo wochita dzanzi.

Amayi ukudziwa mmene unawasiyira, koma tsopano kuiwala kwanyanya. Za imfa ya Bambo ndawauza katatu, ndipo ulendo uliwonse amalira ngati akumva koyamba. Kukacha amandifunsanso kuti bambo ako bwanji sakubwera kudzadya.

Pali nkhani ina imene sunaimve. Mu Seputembala Bambo anapeza tikiti yokaonera kujambula kwa sewero lanthabwala la pa wailesi ku Manchester, lija lonyogodola apolisi ofufuza milandu. Amasonkhanitsa anthu mu holo kuti aziseka, ndiye amadzaliulutsa patapita milungu. Bambo anapita atavala suti ya kutchalitchi. Pobwera anati panalibe choona, anthu anayi okha ataimirira ndi mapepala m'manja, ndi mkulu wina wopondaponda miyala m'bokosi kuti zimveke ngati chigawenga chikuthawa. Anati ntchito imeneyo iwo akanaitha, chifukwa ndi mmene amayendera pochokera ku mowa.

Lamulungu lapitali, patangotha masiku awiri chiikire maliro, m'nyumba munali zii. Ndikudziwa kuti wailesi sitsegulidwa pa nthawi ngati imeneyi, koma kumangomva kulira kwa mafoloko kunanditopetsa. Ndinaitsegula tikudya nkhomaliro.

Linali sewero lomwe lija. Wapolisi wake, a Puddifoot, ankafunsa mtembo ngati ukumudziwa amene anaupha. Mtembo unayankha kuti sulankhula popanda loya. Anthu anaseka n'kusiya.

Ndiye Bambo anayamba.

Ukukumbukira kuti nthabwala inkawafika mochedwa. Anzawo akamaliza, iwo m'pamene ankayambira, mokoka, n'kuthera ndi kachifuwa. Anali iwowo, Clifford, okhaokha mu holo monse. Ndinadikira kuti mumtima mwanga muchitike kanthu. Simunachitike kanthu. Ndinapitiriza kudula mbatata.

Amayi ndi amene anaika foloko pansi. Anati kodi si bambo ako amenewo? Anati tamumvani mdala wopanda manyazi, chakudya chikuzizira kuno, iye ali kokatsegula pakamwa ndi anthu a m'tauni. Ankanena akumwetulira.

Apa ndi pamene ndinachita chimene ndikukuululirachi. Ndinawauza kuti inde, Bambo apeza ntchito yoseka ku wailesi, ndipo azigona komweko. Sindinakonzekere, mawu anangotuluka okha. Amayi anati bola zimenezo, ntchito ya ubweya ku fakitale inkawathera mapapo, komanso kuseka ndi chinthu chokhacho chimene bambo ako amachita osatumidwa. Anamaliza mbale yonse. Kuyambira tsiku limenelo sanalirenso.

Mayi Ackroyd anamva zonse, paja makoma athu sasunga chinsinsi. Anabwera kudzandiuza kuti ndachimwa, kuti mkazi ayenera kulira mwamuna wake. Ndinawayankha kuti analira kale katatu, ndipo katatu konseko wowagwira ndinali ine. Anachoka osamaliza tiyi.

Sewerolo alibwereza Lachinayi, ndipo ndidzatsegula. Zikatero adzayamba masewero ena amene mulibe Bambo. Ndidzangodikira aliyense wochedwa kuseka n'kunena kuti ndi iwo. Sindikudziwa kuti zimenezi zidzandifikitsa pati.

Sindikupempha chilolezo chako, chifukwa kalata ino ikamafika zidzakhala zitachitika kale. Ndikupempha chinthu chimodzi chokha. Makalata ako Amayi amawerenga okha, mobwerezabwereza. Yopepesa ija yafika dzulo, ndipo ndaibisa pansi pa nsalu m'kabati. Lemba ina. Uwafunse za nyamakazi yawo, uwauze za kuzizira kwa kumeneko, ndipo pomaliza upereke moni kwa Bambo monga umachitira nthawi zonse. Uwafunsenso kuti ntchito yawo yatsopanoyo ikuyenda bwanji.

Dzanja likakana, uchite monga ndinachitira ine. Usaganize, ungolemba.

Mulungu akusunge pamodzi ndi banja lako. Undiperekere moni kwa alamu, ndipo mwana umupsompsone m'malo mwanga.

Ndine mlongo wako,
Beryl