Chipolopolo Chimene Munkachiopa Chija

Amayi,

Kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Ndikhulupirira kuti miyendo ija inaleka kutupa. Kuno tonse tilipo, kupatula ulemu wanga, umene unathera pakhonde Lachiwiri m'mawa.

Ndinkavula juzi, yobiriwira ija ndinabwera nayo kuchokera ku usilikali. Dzuwa litayamba kutentha ndinakweza manja, juzi n'kufika kumutu, basi msana n'kugwira. Manja osakwera, manja osatsika. Ndinaima chilili mutu uli m'juzi, ndikupuma fungo la m'khwapa mwanga, mkazi wanga, mayi a Tadala, ali kuchigafa. Kenako ndinamva belu la njinga, ndi odi wake wautali uja. Alongo anu, atsibweni a Yotamu, kuchokera ku Chamama.

Sanafulumire kundithandiza ayi. Anayamba aimika njinga bwinobwino, kumasula kathumba, kenako n'kundipatsa moni wathunthu, kufunsa za ana, za mvula, za mbuzi, ine ndikuyankhira m'kati mwa juzi. Atakhutira ndi pamene anakoka ngati akusenda mbuzi. Anati, "Mphwanga, kunkhondo kuja adani ankayamba adikira kuti umalize kuvula?"

Ndibwereranso kwa alongo anuwo, poti iwonso sanafulumire kuchoka. Ndiyambe ndakuuzani za pakhomo. Mlongo wanga Esinati anachira, mwana wamkazi, ndipo tinamutcha Dorika, dzina lanu. Amakwinya pamphumi akamayamwa monga munkachitira inu polowetsa ulusi pasingano. Tadala wafika fomu thu, ndipo wayamba kundikonza Chingerezi, ine bambo ake amene ndinapita ku koleji. Mphatso akadali yemwe uja, sopo amamuona ngati mdani. Mjigo unathyoka, tinamwa a kudambo milungu itatu, pano unakonzedwa. Nkhuku yanu yamawangamawanga ija inagwidwa ndi chitopa, koma inasiya ana ake asanu amwano ngati mayi wawo. Chimanga chikuoneka bwino. Fodya ndiye watikomera chaka chino, masamba otambalala moti mukanawaona mukanati, monga munkanenera nthawi zonse, tisamuyamikire akumva.

Ntchito ya fodya mumaidziwa. Kuthyola ndimayesa. Kusoka ndimasoka nditakhala pansi, mwinanso kuposa amayi ena. Koma kupachika pamikangala kumafuna munthu wokweza manja kupitirira mutu, ndipo anga amathera m'mapewa. Choncho amene amakwera m'chigafa ndi mkazi wanga, ine ndili pansi kumupatsira ngati mlendo waulemu. Anthu odutsa pamsewu amaima n'kunena kuti, "Pepani a Sajeni, chipolopolo chikuvutabe?" Ine ndimapanga nkhope ija, ya munthu amene anaona zambiri koma safuna kukamba.

Atsibweni anakhala Lachiwiri lonse osanena chimene abwerera. Lachitatu anapopa matayala, n'kutsanzika, n'kukhala pampando kudikira kuti dzuwa lichepe, mpaka linalowa. Lachinayi m'mawa anandiitanira kuseri kwa chigafa, kathumba kaja kali m'manja. Anatulutsa mizu, kabotolo ka mankhwala akuda, ndi lezala latsopano.

Pepani Amayi, izi si zokamba munthu ndi mayi ake, koma poti muli kutali simungandigende ndi chikho. Mkazi wanga anafunsidwa kuchigayo chifukwa chake iye ndi amene amakwera m'chigafa, ndipo anangoyankha kuti, "Abambo kunyumbaku msana." Mawuwo anayenda mpaka ku Chamama, ndipo mukudziwa chimene "msana" umatanthauza ukalowa m'khutu la nkhoswe. Atsibweni anawerenga zaka za Mphatso, anapeza zisanu ndi zinayi wopanda mng'ono wake, nkhani inali yatha. Anabwera kudzakonza banja.

Anatsitsa mawu n'kuti, "Chipolopolo chija chinatsikira kumunsi, eti?"

Ndinati, "Ayi atsibweni, wanga ndi msana wapamwamba, pakati pa mapewa apa."

Anati, "Onse amatero. Sindinakumanepo ndi mwamuna wodwala msana wapansi. Aliyense wake ndi wapamwamba."

Ndinawauza kuti akafunse apongozi awo, mkazi wangayo. Anati anamufunsa kale, ndipo iye anangoseka n'kukatunga madzi, zimene kwa iwo zinali umboni wokwanira. Tinakangana mpaka anatopa, ndipo anati pamwamba kaya pansi, mankhwala awo sasankha. Chofunika n'chimodzi. Mphini satema paliponse, amatema pakhomo pamene chinthu chinalowera, kuti mankhwala achilondole. Anapukuta lezala pathalauza n'kuti, "Vula malayawo, undionetse khomo."

Amayi, khomo palibe. Chipsera palibe. Chipolopolo palibe, ndipo sichinakhalepo.

Ndalemba mzere umenewo n'kuyamba ndayenda kuzungulira nyumba kawiri.

Ku Congo kuja ine ndinali wonyamula wailesi ya mauthenga kumbuyo. Mfuti ndinazimva, mantha ndinachita, koma palibe chinandikhudza. Msanawu unayamba tsiku lina m'mawa, kuli zii, ndikuwerama kuti ndimange zingwe za jombo. Basi. Anzanga ena anabwera opanda miyendo, ena sanabwere n'komwe, ine ndinavulazidwa ndi chingwe cha nsapato. Kuyambira tsikulo kuli ngati wina anakhoma msomali wotentha pansi pa fupa la phewa lamanzere n'kuiwala kuuzula. Masiku ena umagona. Masiku ena ngakhale kupuma mokoka kumafuna kupempha chilolezo.

Kuchipatala cha asilikali anandijambula. Ku Lilongwe anandijambulanso, kutsogolo ndi kumbuyo. Anayeza magazi, makhololo, mtima. Dokotala wina wachinyamata anakweza chithunzi cha mafupa anga pawindo n'kunena kuti msana wokongola chonchi sauonaona. Ndinatsala pang'ono kumupempha kuti tisinthane. Onse mathero ake anali amodzi: sitikuona kanthu, imwani panado, muzichita masewera olimbitsa thupi. Munthu ukabwerera kachisanu ndi matenda osaoneka, ayamba kukuyang'ana ngati mwana wokana sukulu. Ndinaleka kupitako. Nthawi yanga itakwana ndinapuma ntchito, n'kubwera kuno ndi juzi ndi msomali wanga.

Mukukumbukira tsiku ndinafika lija, anthu atadzaza pabwalo? A Gelesomu, mnzanga wa kuubwana uja, anandimenya kumsana mwa chisangalalo, ine n'kukuwa ngati mwana. Wina kumbuyo anafunsa kuti, "N'chipolopolo?" Ndinayang'ana nkhope zonse zija, yanunso, ndipo ndinaona kuti ndikanena za chingwe cha jombo aseka mpaka chaka chamawa. Ndinagwedeza mutu movomera. Kugwedeza kokha, Amayi, pakamwa sindinatsegule. Koma mumandidziwa. Munkati, "Iwe Fili, ndikakutuma mchere umabwera ndi nkhani, mchere waiwala." Pofika madzulo chipolopolo chinali ndi mtsinje wake, nkhalango yake, ndi dokotala wachizungu amene anati kuchichotsa n'koopsa poti chili pafupi ndi mtima. Zaka zitatu ku koleji ya uphunzitsi, phindu lake linaoneka tsiku limenelo.

Chipolopolo chinandisamala bwino. Pamaliro adzukulu amandilanda khasu n'kundipatsa mthunzi. Poumba njerwa za kutchalitchi amandipatsa ntchito yoyang'anira. Palibe amene anatchulapo mawu oti ulesi. Munthu wodwala matenda opanda dzina ndi mlesi, koma wachipolopolo ndi ngwazi, chonsecho kuwawa kwake n'kumodzi.

Chimene sindinaganize ndi inu. Munachitenga chipolopolo chija n'kuchiika mumtima mwanu. Ndikaseka kwambiri munkati, "Fili, pang'onopang'ono, chingasunthe." Ndikatsokomola munkasiya chimene mukuchita n'kundiyang'ana mpaka nditapuma. Amayi anzanu a kutchalitchi anandiuza pa maliro anu kuti Lachinayi lililonse munkapempha pemphero limodzi lomwelo, kuti chitsulo chili mwa mwana wanu chisafike pamtima. Zaka zinayi mukupempherera chinthu chimene ndinapeka ndekha pabwalo.

Ndiye pali tsiku la ngolo. Mutafooka, ngolo itabwera kuti ikutengereni kuchipatala, ndinalowa m'nyumba kuti ndikunyamuleni. Munakankha dzanja langa. Mawu anali atatha kale koma munakwanitsa kunena kuti, "Iwe ayi, chingasunthe." Amayi, tsiku limenelo msana unali utagona. Ndikanatha. Munali mutapepuka ngati mtolo wa fodya wouma. Koma chipolopolo sichikhala ndi masiku abwino, ndiye ndinapatuka n'kuima pakhomo, mkazi wanga ndi Esinati n'kukunyamulani movutikira, phazi lanu likukhukhuluzika pansi. Ndinasankha kusunga nkhani yanga. Ulendo womwewo simunabwerere. Mvula yagwa kawiri tsopano, koma phazi lija ndimalionabe.

Zonsezi sindinawauze atsibweni nthawi imodzi. Ndinangovula malaya n'kuwafulatira. Anayang'ana nthawi yaitali. Anandipititsa padzuwa n'kuyang'ananso. Anapeza kachipsera kamodzi m'nthiti n'kusangalala, koma ndinawakumbutsa kuti ndi ka waya wa mpanda wa kumishoni, tsiku ndinkaba magwafa, ndipo amene anandikwapula anali iwo omwe. Kenako anayamba kudina ndi chala chachikulu, fupa ndi fupa, ngati akusankha papaya. Atafika pamsomali paja ndinakuwa, misozi n'kutuluka.

Anati, "Apa pokha sukunama."

Ndinawauza tsopano, kuyambira pa jombo mpaka pa ngolo. Anamvetsera osandidula, zimene simunazionepo pa moyo wanu wonse. Nditamaliza anafunsa kuti, "Ndiye n'chiyani chili m'menemu?" Ndinati sindidziwa, ndipo madokotala sadziwa. Anabweza lezala m'pepala lake. Anati iwo satema pamene sakudziwa. Za inu ananena chinthu chimodzi chokha, akuyang'ana kumbali: "Mlongo wanga anafa akuopa." Ndikanakonda akanandimenya.

Anaitana mkazi wanga n'kumufunsa chifukwa chake anakhala chete zaka zonsezi, poti iye msanawu amauona tsiku lililonse. Mayi a Tadala anatsika pamikangala, manja ali bii ndi utomoni wa fodya, n'kuti, "Apongozi, msanawo ndi weniweni, ndine ndimauthowa. Chipolopolocho n'cha anthu a pamsewu. Kukwera m'chigafa sikunditopetsa ine. Chimanditopetsa n'kufunsidwa kuchigayo ngati chasuntha, ine n'kumayankha kuti ayi chikadali pomwepo." Anatero n'kukweranso. Za msana winawo atsibweni sanafunsenso, ndipo mizu ija ili padenga la khitchini, aliyense akuchita ngati sakuiona.

Lachisanu sanapope matayala. Anavula jekete n'kulowa m'chigafa, nkhalamba ya imvi, kumapachika fodya wanga tsiku lonse, ine ndikuwapatsira. Sanandinyoze ngakhale kamodzi, ndipo ndi pamene ndinadziwa kuti zinthu zavuta.

Lero Loweruka ndi pamene anyamuka. Anatsanzika m'mawa, n'kumwa tiyi. Anatsanzikanso, n'kukaona mbuzi. Kachitatu tinafika pamsewu, n'kukumbukira kuti pampu aisiya pakhonde. Nditawaperekeza mpaka pamphambano ya ku Chamama, anaima phazi limodzi lili papedulo.

Anati, "Mphwanga, pakamwa pangapa umapadziwa. Ndikakhala pakhonde la telala paja sipatsekeka. Koma ukati ndisunge, ndiyesa. Ndikanene kapena ndikasunge?"

Ndinaganiza za mthunzi wa kumanda. Ndinaganiza za a Gelesomu, ndi momwe dzina la Sajeni lidzamvekere likamatuluka ndi chiseko. Ndinaganiza za Tadala kusukulu, poti anzake amamudziwa ngati mwana wa munthu wowomberedwa.

Ndinati, "Kaneneni."

"Zonse?"

"Zonse. Koma mukanenenso kuti kuwawako kumawawadi."

Anati, "Icho ndiye sakakhulupirira."

Ndinati, "Kaneneni basi."

Anandiyang'ana, anagwedeza mutu, n'kupalasa. Asanafike pamtengo wa mkuyu uja mtima unali utasintha kale. Ndinafuna kuwaitana kuti adikire kaye mpaka fodya atapita ku okushoni, kapena mpaka Tadala atalemba mayeso, kapena mpaka ine nditafa. Ndinakweza dzanja kuti ndiwabweze, koma linathera paphewa monga mwa masiku onse. Iwo anacheuka, anaona ngati ndikuwatsanzika, anaimba belu kawiri n'kukhota.

Choncho pofika mawa potuluka m'tchalitchi, mudzi wonse ukhala utadziwa. Ndafuna kuti inu mumve kwa ine, osati kwa alongo anu akadzafika kumeneko, poti iwonso nkhani amaiwonjezera mchere. Palibe chimene chikuyenda kupita kumtima kwanga, Amayi. Lekani kupempherera chitsulo. Ngati mapemphero atsalako, muwatembenuzire kwa mwana wanu wabodza amene msana ukumuwawadi.

Ndikulonjezani ichi. Maliro akadzagwa m'mudzi muno ndikalowa pakati pa adzukulu. Tsiku likadzakhala labwino ndidzakumba. Likadzakhala loipa ndidzanena ndi pakamwa panga kuti lero sinditha ndipo sindidziwa chifukwa chake, aseke amene akufuna kuseka.

Ndine mwana wanu amene amakukondani, ngakhale anakusiyani pakhomo tsiku lija,

Filimoni