Tchati chathu chikugwira ntchito, koma kiyi ali m'thumba mwa a Sisita

Aphungu,

Ndikulemba uku ndikuseka ndekha, mundikhululukire. Ndine namwino ku wodi ya ana odwala khansa, chaka chachiwiri chino. Ana athuwa mankhwala a khansa amawachepetsera chitetezo cha m'thupi, moti akangotentha thupi, mwana amene amadumpha pabedi m'mawa pofika masana ali thapsa. Kale tinkangomupatsa panado n'kudikira adokotala, mwina mpaka maola anayi.

Ndiye tinakhala pansi miyezi isanu, adokotala, a kulabu, a kufamasi ndi ineyo, kuwerenga malangizo a akatswiri n'kuwasandutsa tchati chimodzi. Thupi likatentha kufika pa madigiri 38, tenga magazi, ika kanyula mumtsempha, mankhwala opha tizilombo alowe ola lisanathe. Mivi yofiira ya patchatipo ndinajambula ndine ndi manja angawa.

Lachiwiri lapitali chinagwira ntchito! Kuli kamtsikana kena timakatchula kuti Bwana chifukwa kamatilamula tonse. Kanatentha thupi, mankhwala analowa m'mphindi 41. Ine ndinathamangira kukavina m'chipinda chosungira zofunda, mayi okolopa anandipeza n'kufunsa ngati chandiluma chinthu. Pofika Lachisanu Bwana anali atayambanso kutituma kuti timupezere chibaluni chachikasu.

Chandisokoneza ndi a Sisita aakulu, amene anandiphunzitsa kupeza mtsempha wa khanda. Tchaticho sachiyang'ana n'komwe. Dzulo mwana wina anadikira ola ndi theka chifukwa kiyi wa kabati ya mankhwala anali m'thumba mwawo, iwo ali kumsonkhano. Nditawauza anangoti, "Tchati chanucho bwanji sichinakutsegulireni kabati?"

Lolemba ndikafotokoza kumsonkhano pamaso pa onse mmene tayendera. Ndiwatchule a Sisitawo? Ndimawakonda zedi, koma Bwana alandiranso mankhwala a khansa sabata yamawa ndipo akhoza kutenthanso.

T.K., ku wodi ya ana

Anamwino anga,

Vinani, mwagwira ntchito. Nanenso ndagwedeza mapewa pampando pano.

Koma tawerenganinso kalata yanu. Mwatchula adokotala, a kulabu, a kufamasi ndi inuyo. A Sisita ali pati? Miyezi isanu yonseyo munkakonza ntchito ya m'wodi mwawo osawafunsa, kenako n'kuwamatira pepala pakhoma. Ngakhale ine ndikanakwiya. Komanso funso lawolo, ngakhale linali lobaya, n'loona. Munawerenga mabuku onse aja n'kuiwala kulemba kuti kiyi azikhala ndi ndani. Tchati chanu chili ndi dzenje, ndipo amene aliona ndi iwowo.

Musadikire Lolemba. Mawa lomwe apezeni paokha, tchati chili m'manja, cholembera chili m'manja. Apepeseni kuti simunawaitane, mosazungulira. Kenako afunseni kuti kiyi azisiyidwa kwa ndani iwo akachoka, ndi zina zimene munadumpha. Mudzadabwa, adzakupezerani zitatu. Zimene anenezo zilembedwe patchatipo, adokotala avomereze.

Kumsonkhanoko nenani zoona zonse, mphindi 41 zija ndi ola ndi theka lija. Nenani kuti kabati inali yokhoma ndipo tchati sichinanenepo kanthu. Dzina la munthu musatchule. Ngati mwagwirizana, njira yatsopano ya kiyiyo akafotokoze okha.

Chenjezo langa ndi ili. Kukambiranaku mwina kutenga masiku, pomwe thupi la mwana silidikira kuti akuluakulu ayanjane. Bwana akatentha kiyi ali kumsonkhano, musayime pakhomo n'kumapotokola zala poopa kusokoneza. Gogodani, lowani, tambasulani dzanja. A Sisita akakwiya mudzawapepesa madzulo, ndipo adzakukhululukirani. Mayi ake a Bwana simungawapepese.

Aphungu