Madzi a kalongonda

Mposa, Lachinayi masana

Amayi, kumeneko mukukhala bwanji? Kuno tilipo, tikudzuka. Ndiyamba ndi zimene zinayamba kuchitika, paja inu munthu akamadumphadumpha nkhani munkamudula kuti, "Tayamba wakhala pansi, sukuthamangitsidwa."

Chikuikireni m'manda, Esinati mwana wanu wabereka mnyamata. Ndi wonenepa, ndipo makutu ndi anu enieni, oima aja. Mpunga wa kudambo sunachite bwino chifukwa madzi anauma msanga, koma nandolo wabereka, Agnesi mpongozi wanu wadzaza madengu. Khoma limodzi la khitchini yanu linagwa ndi mvula. Njerwa ndaumba, ndikudikira udzu ukhwime. Mbuzi yanu yamawanga ija khalidwe sinasinthe, dzana ndinakaitenga m'dimba mwa a Jafali ikudya mpiru, ine n'kumapepesa ngati ndadya ndine.

Koma chimene chandigwiritsa cholembera lero ndi mdzukulu wanu Linesi. Ali Sitandade 7 tsopano, watalika mpaka paphewa panga. Aphunzitsi awo a Chichewa, mayi wina wa ku Balaka, anawawerengera nkhani ya m'buku ya mtsikana amene ankaphunzira kusinja kwa azakhali ake. Atamaliza anawauza kuti aliyense akalembe nkhani yakeyake ya chakudya cha makolo ake, chinachokera kuti ndipo amachiphika bwanji. Mawa Lachisanu aliyense akawerenga pamaso pa anzake, ndipo akabweretse pang'ono kuti anzakewo alawe. Ena asankha thobwa, ena chigumu. Linesi wanu wasankha kalongonda.

Amayi, paja kalongonda ndi nyemba zaululu zikapanda kuphikidwa bwino. Ndinati, "Iwe, bwanji osalemba za futali, amako akuthandize?" Iye anati, "Futali watenga kale Mariya. Madamu akuti za kwathu. Si agogo ankanena kuti amayi awo anachoka ku Mozambiki atamanga mbewu yake pachitenje?" Agnesi atamva anangotukula manja. Anati, "Ine kwathu ku Balaka sitidya nyemba zofuna kupha munthu. Za Alomwe zanuzo musandilowetsemo iyayi."

Ndiye Linesi anakhala pamphasa ndi kope lake n'kundifunsa kuti, "Ababa, agogo pophika kalongonda ankataya madzi kangati?" Amayi, ndinachita manyazi. Ndakula ndi kalongonda wanu, koma pa mphika sindinaimepo. Ine ntchito yanga inali kudikira ndi mbale. Kuti mwana asandione ngati wopanda pake, ndinangoti, "Kasanu." Analemba bwinobwino, n'kudula mzere kunsi kwake.

Mzere umenewo ndi umene unandisowetsa mtendere. Ine ndinalekera Sitandade 4, koma ndikudziwa kuti chinthu chikalembedwa m'kope anthu amachikhulupirira. Kalasi yonse ikamva kuti kasanu, wina akayesa kwawo. Nanga ana a eni akalawa wathu n'kudwala, ndidzayang'ana nkhope ya ndani? Mukukumbuka a Mulota atadya wosapsa, anasanza tsiku lonse uku akuyankhula ndi mitengo. Amenewo anali munthu wamkulu. Nanga mwana?

Lolemba ndinapalasa njinga kupita ku Ntaja, kwa amayi ogulitsa kalongonda pamsika. Woyamba anati amataya kasanu ndi kawiri. Mnzake wa pambali anati, "Bodza limenelo achimwene, ameneyu ndi waulesi. Ine ndimayamba tambala atalira mpaka dzuwa lipendeke." Wachitatu anangoseka, amvekere, "Mwamuna mukufunsa za kalongonda, akazi anu akuthawani?" Onse anafa nako kuseka. Ndinagula wosaphika mbale ziwiri, koma yankho ndinalibe.

Ndinapitirira mpaka kwa Kawinga, kwa ang'ono anu a Rozina. Ndinawapeza akutong'ola chimanga. Akalamba, Amayi, koma pakamwa mpomwe paja. Nditawafunsa ngati munkataya madzi kasanu, anati, "Kasanu? Wakunamiza ndani? Amako sankawerenga. Umawiritsa, umasenda makoko, madzi akada ngati makala umataya n'kuthira ena. Umaleka madzi akayera. Koma ukatero sunathe ayi. Iwe sukumbuka amako ankatani akaphula?"

Ndikukumbuka bwino. Munkatapa kodzaza dzanja, n'kukakhala pakhonde nokha, kumadya pang'onopang'ono mukuyang'ana kumsewu. Ine ndi Esinati tili chiimire, malovu ali chuchuchu. Tikasendera munkati, "Chokani apa, njala yanu sinayambe lero." Nthawi inkapita, mthunzi mpaka kusuntha, kenako ndiye munkatigawira. Tsiku lina ndinapisa dzanja mumphika inu musanalole, munandimenya ndi chipande pamsana. Ndinakwiya masiku atatu, ndipo ndinauza Esinati kuti amayi athu ndi omana, amayamba akhuta okha.

Nditawafotokozera zimenezi a Rozina anasiya chimanga chija. Anati, "Mwana wopusa iwe. Ankayamba kudya okha kuti ngati ululu watsalamo ugwire iwo. Pakhondepo ankadikira kuti amve ngati mutu ukuzungulira. Amayi athu ankatero, ifenso timatero." Ndinawathokoza n'kutsanzika, Amayi. Zaka zonsezi simunandiuze. Mwina munkaona kuti si nkhani yofotokozera mwana, kapena munalibe nthawi. Njira yonse yobwerera ndinkangoona nkhope yanu pakhonde paja, mmene munkatafunira mosafulumira.

Kalongonda ndinagula uja ndinamunyika dzulo. Lero ndakoleza moto m'mawa Linesi asanapite kusukulu, ndipo pobwera wandipeza ndidakali pomwepo, maso atafiira ndi utsi. Madzi oyamba anali bii, ndinachita mantha kuwaona. Ndawataya kutali, kuopa nkhuku. Nkhuni za sabata yonse zatha, Agnesi akungong'ung'udza kuti mawa ndikatola ndekha. Ndinayamba kuwerenga, koma nditafika kasanu madzi anali akadali akuda, ndiye ndinasiya kuwerengako. Tangoganizani, Amayi, ndikanaphula pamenepo.

Madzi atayera Linesi anatambasula dzanja kuti alawe. Ndinamugwira pamkono. Ndatapa ine, ndadya, ndipo kalata ino ndikulemba ndili pakhonde, ndikudikira mutu. Kakomedwe ndi komwe kaja, kungoti mchere waperewera. Pamene ndimayamba kulemba mthunzi unali pachitseko, pano wafika pa nkhokwe. Mutu uli bwinobwino, m'mimba muli zii.

Linesi wafufuta kasanu uja. Wandiwerengera zimene walemba m'malo mwake. Akuti: "Madzi a kalongonda sawerenga, amaona ngati ayera. Amene waphika ndiye amayamba kudya, ena adikire. Agogo anga ankachita choncho, ndipo bambo anga ali mwana ankayesa kuti ndi omana." Ndinati, "Iwe, zomalizazo chotsa, ukandichititsa manyazi kwa anthu." Wakana. Akuti, "Madamu anati nkhani yokoma imafunika munthu wolakwitsa. M'nkhani yanga wolakwitsa ndinu." Agnesi waseka mpaka kukhala pansi. Ndamusiya, poti ndi zoona.

Komabe mtima sunakhazikike kwenikweni. Mawa kalongondayu sindimupatsa Linesi kuti anyamule yekha. Ndikamuperekeza, ndikawauze aphunzitsiwo kuti mwana aliyense alawe zochepa, asakhute. Ndipo ndikadya kaye ine pakhomo pa kalasi, ana adikire. Chichokereni pa sukulu paja sindinalowenso m'kalasi, sindikudziwa kuti ndikaima pati, kapena chipewa ndikavule. Malaya oyera aja Agnesi wandichapira.

Pepani, Amayi, chifukwa cha mawu amene ndinauza Esinati aja. Ndikapita kukaona khanda ndikamuuza zoona zake, iyenso adziwe. Mvula ikagwa ndidzabzala kalongonda m'mphepete mwa munda, ndipo Linesi adzaima pa mphika kuyambira madzi oyamba, kuti iye asadzachite kukafunsa pamsika ngati ine. Zimenezi ndalonjeza.

Tikukusowani tonse kuno.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Eliya